Makina abwere, koma pepala tilione

Usiku wa pa 16 Sepitembala 2025 sindinagone, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a inu simunagonenso. Chala chinali chidakali ndi inki, foni ili pa chaja, wailesi ikulira chapansipansi, maso ali pa WhatsApp. Cha m'ma 11 koloko, pagulupu yathu ya kubanja panagwa voice note ya mphindi ziwiri. Anaitumiza ndi azakhali anga, mayi wopemphera amene sindinawamvepo akunama. Mawu ake anali a bambo wina wopuma mwabefu, akuti waona ndi maso ake galimoto yodzaza ndi mapepala ochonga kale ikulowa pasukulu ina. Dzina lake sanatchule, sukuluyo sanaitchule, ngakhale boma lake lomwe. Anangomaliza ndi kutipempha kuti titumize kwa aliyense uthengawo usanafufutidwe.

Kunena zoona, ndinatsala pang'ono kuutumiza. Chinandiletsa ndi chithunzi chimene chinabwera pagulupu yomweyo patangopita mphindi zochepa. Mwana wa achimwene anga tsikulo anali monita wa chipani pamalo ena oponyera voti, ndipo kuwerenga kutatha anajambula pepala la zotsatira n'kutiponyera. Panali dzina la malowo, mavoti a aliyense wopikisana, ndi masiginecha a anthu amene anaonerera kuwerengako. Mauthenga awiriwa anafika pafoni imodzi, pa bandulo imodzi. Koma wachiwiriwu ndikanatha kukwera kabaza m'mawa mwake kukauyerekeza ndi pepala lenilenilo. Woyamba uja unalibe pogwira paliponse.

Kwa ine, nkhani yonse ya luso lamakono ndi chisankho yagona pa kusiyana kumeneku. Kaya ndi makina a bungwe loyendetsa chisankho la MEC, kaya ndi foni ili m'manja mwanuyo, funso ndi limodzi: kodi munthu wamba angathe kutsimikiza yekha zimene chipangizocho chikunena? Ngati angathe, chipangizocho chikuteteza voti yake. Ngati akungouzidwa kuti khulupirirani basi, ndiye kuti voti yake yapita m'manja mwa wina.

Zoti zipangizo zimagwedeza ndale sizinayambe ndi Facebook. Afunseni makolo anu za 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi a Katolika anawerenga kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Boma linati kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, ndipo inkanena zimene boma lafuna. Komabe kalatayo inayenda. Anthu ankaichulukitsa mobisa pa makina a fotokope, mauthenga ochokera kwa Amalawi amene anathawira kunja ankalowa pa fax m'maofesi, kenako n'kumapatsirana pamanja. Pofika pa 14 Juni 1993, anthu oposa 60 pa 100 aliwonse amene anavota pa riferendamu anasankha nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri. Fotokope inali WhatsApp ya nthawi imeneyo. Komatu kalata ija inali ndi eni ake. Maepiskopi anaisayina ndi maina awo, ndipo anali okonzeka kuvutika chifukwa cha zimene analemba. Mphamvu yake inachokera pamenepo.

Makina oyendetsera chisankho nawonso tawaona akugwira ntchito, tawaonanso akutigwiritsa mwala. Mu 2014 makina otumizira zotsatira anakanika chisankho chili mkati, mpaka MEC inabwerera ku fax ndi njira zina zakale, ndipo dziko linakhala masiku ambiri lili njenjenje. Mu 2019 makompyuta analipo, netiweki inalipo, koma chimene chinaononga chisankho cha pa 21 Meyi chinali kabotolo ka Tippex, kamene amagulitsa m'sitolo ya mabuku ndi zolembera. Manambala anafufutidwa pa mapepala a zotsatira n'kulembedwa ena, mapepala ena anali osasayinidwa, ena anali a duplicate m'malo mwa enieni. Kompyuta imameza chimene mwaipatsa. Mukailowetsera pepala lofufutidwa, imaphatikiza manambala ofufutidwawo mwaukatswiri kwambiri n'kukupatsani yankho lolakwika mwachangu.

Nanga Tippex uja tinamudziwa bwanji? Mamonita anali ndi mapepala awo, ambiri anawajambula pafoni, ndipo zithunzizo zinazungulira dziko lonse MEC isanamalize n'komwe kulengeza. Pamene a Lazarus Chakwera ndi malemu a Saulos Chilima anapita kukhothi, mlanduwo unayenda pa mapepala, limodzilimodzi, uku anthu akumvetsera pawailesi m'minibasi ndi m'misika. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, khothi lalikulu la apilo linagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo pa 23 Juni tinakavotanso. Ntchito yaikulu koposa imene foni yam'manja yagwirapo pa ndale za dziko lino ndi imeneyo: kujambula pepala. Sinafune bandulo yambiri kapena foni yodula.

Chisankho cha 2025 chinabwera ndi makina atsopano a kampani ya Smartmatic, amene MEC inagwiritsa ntchito kuyambira pa kalembera. Mukukumbukira phokoso lake. Zipani zimene zinali zotsutsa boma nthawi imeneyo, kuphatikizapo DPP, zinkakayikira makinawo ndipo zinkafuna kuti akatswiri oima paokha awaunike. Pamasamba a mchezo, ambiri anali atagamula kale kuti chisankho chaberedwa anthu asanavote. Kenako mavoti anawerengedwa pamanja pamalo oponyera voti, MEC inatenga masiku onse asanu ndi atatu amene lamulo limapereka ikuunika mapepala, ndipo pa 24 Sepitembala mayi Annabel Mtalimanja analengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 aliwonse. Amene ankaopa makina ndiwo anapambana, ndipo madandaulo anachokera ku MCP imene inali m'boma.

Wina anganene kuti ndiye basi, makina aja anali abwinobwino, nkhani yatha. Ine ndikuti tisafulumire. Chinatithandiza kwambiri mu 2025 n'choti kusiyana kwa mavoti kunali kwakukulu, ndipo a Chakwera anavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe. Tangoganizani akanasiyana pang'ono ngati mu 2019, pamene woyamba anapeza 38.6 ndipo wachiwiri 35.4 pa 100 aliwonse. Kapena tangoganizani wina akanapeza 49.8, poti tsopano lamulo likufuna kuti wopambana apose theka la mavoti onse. Pa chisankho chotero, bokosi limene anthu sangathe kusuzumiramo limasanduka machesi pafupi ndi petulo. Ndipo kukayikira makina sikukhala ndi chipani. Amene ali kunja kwa boma amawakayikira, akalowa m'boma amayamba kuwaikira kumbuyo. Mu 2030 mudzangoona anthu atasinthana mipando, nyimbo ili yomweyo.

Anzathu a ku Kenya anadutsa njira yomweyi ife tisanaidutse, ndipo pali chimene tingatolepo. Mu 2017 anali ndi makina odula ozindikira ovota ndi kutumiza zotsatira. Khothi lawo lalikulu linathetsa chisankho cha pulezidenti pa 1 Sepitembala chaka chimenecho, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali choti bungwe lawo la IEBC silinatsegule makompyuta ake mokwanira kuti aunikidwe monga khothi linalamulira. Mu 2022 anasintha kachitidwe. Pepala la zotsatira la malo aliwonse oponyera voti, malo oposa 46,000, linajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti pomwe aliyense akanatha kuliona. Atolankhani, zipani, ophunzira a m'makoleji, aliyense wokhala ndi nthawi akanatha kuphatikiza yekha. Mkangano unalipobe, poti ndale ndi ndale, ndipo a William Ruto anapambana ndi mavoti ochepa kwambiri. Koma mlandu utapita kukhothi, aliyense wonena kuti manambala asinthidwa anafunika kuloza pepala lake, ndipo zotsatira zinaima.

Tsono pempho langa kwa MEC ndi aphungu athu a Nyumba ya Malamulo ndi losavuta kumva. Pepala la zotsatira la malo aliwonse lizijambulidwa pomwepo, mamonita akuona, n'kuikidwa pa intaneti usiku womwewo, pa tsamba limene ngakhale foni yotchipa ingatsegule. Lamulo linene zimenezi momveka, zisadalire kukoma mtima kwa amene ali pampando nthawi imeneyo. Makina aliwonse amene agulidwa ndi misonkho yathu aziunikidwa ndi akatswiri oima paokha kudakali miyezi yambiri, zipani zonse zilipo, ndipo lipoti lake lizituluka poyera. Mgwirizano wogulira makinawo nawonso usakhale chinsinsi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo analipangira zinthu ngati zimenezi. Kuvota pa pepala ndi kuwerenga pamanja, anthu akuona, kukhalebe. Agogo anga sadziwa kuti seva ndi chiyani, koma amadziwa kuwerenga milu ya mapepala pa tebulo, ndipo chisankho ndi chawonso.

Imeneyo ndi mbali ya akuluakulu. Mbali inayo ndi yathu, ife a mafoni, ndipo pamenepa tisanamizane. Amalawi ambiri, makamaka kumudzi, alibe foni ya intaneti. Amamva nkhani pawailesi, kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro, kuchigayo, ndiponso kwa mwana wawo wa m'tauni amene "amadziwa zinthu". Mwanayo ndi inuyo. Zimene mwawerenga pa Facebook m'mawa, madzulo mwaziuza amayi pafoni, mawa lake zafika pamjigo, ndipo pofika kumeneko sizikutchedwanso za pa Facebook. Zasanduka zoti "wanena ndi mwana wa uje, wophunzira uja". Tilipo ochepa, koma ndife khomo limene nkhani zambiri zimalowera m'mudzi. Andale zimenezi amazidziwa bwino kuposa ifeyo.

N'chifukwa chake nyengo ya kampeni ikafika mumaona masamba atsopano akuphuka ngati bowa, opanda dzina la mwini, onse akuimba nyimbo imodzi. Tonse tikuwadziwa anyamata amene amalandira ya bandulo kuti azitukwana aliyense wotsutsa abwana awo, ndipo mbali zonse alipo. Mumaona chithunzi cha chipolowe cha dziko lina chikuyenda ngati chajambulidwa ku Lilongwe dzulo. Mumaona kalata yokhala ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika, chidindo chilipo, siginecha ilipo, koma bungwelo silikuidziwa. Mumaona screenshot ya mutu wa nkhani umene nyuzipepala yotchulidwayo sinalembe. Facebook ndi TikTok zimakankhira patsogolo zimene anthu akuzikomenta ndi kuzisheya kwambiri, ndipo palibe chimene chimasheyedwa msanga ngati nkhani yokwiyitsa. Pa WhatsApp ndiye palibe mlonda n'komwe, poti mauthenga ake amatsekedwa mwakuti ngakhale eni kampani sawawerenga. Mlonda amene watsala ndi chala chanu.

Kutsogoloku zivuta kuposa apa. Mu Sepitembala 2023 ku Slovakia, kutatsala masiku awiri kuti anthu avote, kunatuluka mawu ojambulidwa omveka ngati a mtsogoleri wa chipani china, Michal Šimečka, akukambirana zobera chisankho. Anali mawu opangidwa pa kompyuta. Mu Januwale 2024, anthu a ku New Hampshire ku America analandira mafoni a mawu ofanana ndendende ndi a Joe Biden, owauza kuti asapite kukavota pa chisankho chachipulula. Nawonso anali a AI. Ife kuno timakonda voice note kuposa kuwerenga, ndipo tinazolowera kuti ukamva mawu a munthu ndiye kuti walankhuladi. Atsogoleri athu mawu awo ali mbwee pa YouTube ndi pa Facebook, maola ndi maola a misonkhano, zimene ndi chakudya chokwanira cha makina otengera mawu. Tsiku likubwera pamene mudzamva mtsogoleri amene mumamukonda, kapena amene mumadana naye, akunyoza mtundu wa anthu ena m'Chichewa chomveka bwino, iye asanalankhulepo zimenezo. Vuto lake lili pawiri. Wabodza adzapanga mawu abodza, ndipo wogwidwa ndi mawu enieni adzangoti ndi AI.

Zikafika pamenepa, maboma amakonda yankho limodzi: kutseka. Uganda inazimitsa intaneti pa chisankho cha Januwale 2021. Ku Zambia, tsiku lovota la 12 Ogasiti 2021, WhatsApp ndi Facebook zinasiya kugwira ntchito bwino. Ku Mozambique intaneti ya pafoni inkadulidwadulidwa pa zionetsero zotsatira chisankho cha Okutobala 2024, ndipo ku Tanzania inazimitsidwa pa chisankho cha Okutobala 2025. Njira imeneyi tiikane kudakali kutali. Mukazimitsa intaneti, mphekesera siifa, imangoyenda pakamwa ngati kale. Chimene chimafa ndi chithunzi cha monita uja, umboni wokhawo umene munthu wamba ali nawo. Mdima umathandiza wakuba, ndipo ndi iyeyo amene amapindula netiweki ikachoka usiku wowerenga mavoti.

Kumanga anthu nakonso sikungatichiritse. Lamulo la mu 2016 loona za mauthenga ndi chitetezo cha pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook zokhudza atsogoleri. Wofalitsa dala uthenga woti anthu akaotche nyumba za anzawo ayenera kuyankha mlandu, pamenepo palibe wotsutsa. Koma boma likapatsidwa mphamvu yogamula kuti ichi ndi choona, ichi ndi chabodza, limayamba ndi amene akulidzudzula. Tisaiwale kuti kalata ya maepiskopi ija boma la nthawiyo linaitcha youkira. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula, ndipo amene analemba gawo limeneli anali atangotuluka kumene m'zaka makumi atatu za kunong'ona.

Ndiye chatsala ndi chiyani? Chatsala ndi mwambo wathu eni ake, ndipo si wovuta. Uthenga ukafika, dzifunseni kuti wanena ndani, zachitikira kuti, liti. Ukakhala wopanda zitatuzi, ndi nkhani yam'maluwa, ngakhale atatumiza abusa anu. Mukaona timivi tiwiri tija tosonyeza kuti uthenga watumizidwa kambirimbiri, dziwani kuti amene wakupatsaniyo naye sakudziwa kumene wachokera. Mukaona screenshot ya nyuzipepala, tsegulani tsamba lenileni la nyuzipepalayo, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Ndipo uthenga ukakupsetsani mtima kwambiri n'kukuuzani kuti musheye msanga, pamenepo ndiye poimira kaye, chifukwa amene anaukonza amafuna kuti mkwiyo ufike pa chala nzeru zisanafike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yoona ikhala yoonabe pakatha ola limodzi.

Koposa zonse, tiyeni tichoke pa gulupu tipite pa tebulo lowerengera mavoti. Zipani ndi mabungwe oonerera chisankho amafuna anthu pamalo aliwonse oponyera voti, ndipo kumidzi yakutali ndi kumene mamonita amasowa kapena kuchoka kuwerenga kusanathe chifukwa cha njala ndi mdima. Ngati muli ndi foni ya kamera ndi power bank, muli ndi zida zonse zofunika. Lembetsani umonita kuchipani chimene mumachikonda kapena kubungwe loima palokha. Khalani mpaka voti yomaliza itawerengedwa, werengani pepala musanasayine, tengani lanu, lijambuleni bwino manambala onse akuoneka. Zisankho zachibwereza za aphungu ndi makhansala zimachitika pakati pa zisankho zikuluzikulu, ndipo ndi poyeserera pabwino. Amene lero ali ndi zaka 14 adzakhala atakwana msinkhu wovota mu 2030, ndipo akuphunzira kwa ife mmene foni imagwirira ntchito pa ndale.

Azakhali aja ndinawaimbira m'mawa mwake. Ndinawafunsa mwaulemu kuti bambo a voice note aja ndi ndani. Anati iwo anailandira kwa mayi wina wa kukwaya. Mayiyo anailandira kwa mlamu wake wa ku Joni. Titafika pamenepo azakhali anaseka, n'kunena kuti, "Ndiye mwati munthu ali ku Joni waona galimoto ya kuno?" Anaifufuta okha pagulupu. Koma inali itagona usiku wonse m'mafoni a anthu oposa makumi atatu a banja lathu, ndipo ena anali ataitumiza kale kwina.

Chithunzi cha mwana wa achimwene chija ndinachisunga, chili mufoni mpaka lero. Chipani chake pamalo amenewo chinagonja, ndipo iye anasayina pepalalo mtima ukuwawa. Koma palibe amene angamuuze kuti pamalo pake panaberedwa, chifukwa anawerenga nawo yekha ndipo umboni ali nawo. Ndikufuna kuti pofika 2030 Mmalawi aliyense adzathe kutsegula foni, kupeza pepala la pasukulu imene anavotera, n'kuona kuti manambala ake ndi omwewo amene alengezedwa. MEC ndi aphungu ali ndi zaka zokwanira kukonza zimenezi, ndipo ife tiyambe kuwafunsa lero.